Mau a Chingerezi ndi Matanthauzo Ake: Zimene Chiswidishi Chingatiphunzitse

Chaka ndi chaka, nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa ikafika, ife aphunzitsi a pa koleji timakwera ndi kutsika mapiri a Dowa ndi Ntchisi kukaona m'mene ophunzira athu akugwirira ntchito. Pafupifupi m'kalasi iliyonse imene timaloŵamo, kuyambira cha ku Mvera mpaka ku Malomo, timapeza chinthu chimodzi pa bolodi: mndandanda wa mau a Chingerezi kumanzere, mndandanda wa mau a Chicheŵa kumanja, ndipo pakati pake pali timizere tiŵiri tija ta masamu, tosonyeza kuti ichi n'chofanana ndi icho. Ana amakopera, amaloŵeza pamtima, ndipo mphunzitsi amaŵeruka mtima uli m'malo. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti timizere timeneti kaŵirikaŵiri timanama, ndi kuti mwana amene watikhulupirira amadzavutika patsogolo.

Tiyambe ndi zimene tidaona pa sukulu ina ya kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi, m'kalasi ya Sitandade 5. Wophunzira wathu, mnyamata wakhama ndithu, adalemba pa bolodi kuti "uncle" ndi amalume, "aunt" ndi azakhali. Kenaka adauza ana kuti alembe ziganizo zitatu zonena za anthu akwao. Mtsikana wina adalemba kuti, "My small father has a bicycle." Mphunzitsi adakhwatcha mau aŵiriwo ndi cholembera chofiira, nalemba "uncle" pamwamba pake. Mtsikanayo adakweza dzanja.

"Aphunzitsi, si amalume ai. Amalume anga ali ku Mponela. Aŵa ndi abambo aang'ono."

"Pa Chingerezi onsewo ndi 'uncle'. Khala pansi."

Adakhaladi pansi, koma nkhope yake inkaonetsa kuti sadakhutire, ndipo sadalakwe. Mphunzitsi yemweyo ndiye adamuuza poyamba kuti "uncle" ndi amalume. Tsopano akumuuza kuti munthu amene si malume ndi "uncle". Kwa mwana wa Chicheŵa imeneyi si nkhani yochepa. Malume ndiye mwini mbumba, ndiye amakhala nkhoswe pa ukwati, ndiye amaitanidwa pakagwa mlandu. Mng'ono wao wa abambo ndi bambo basi. Mwanayo sadasoŵe nzeru; adakana kusokoneza mudzi wake chifukwa cha liu limodzi.

Kodi vuto ndi Chicheŵa?

Phunziro litatha tidakhala pansi ndi mnyamata uja, ndipo adatiuza mau amene taŵamva kambirimbiri: "Vuto ndi Chicheŵa chathuchi, n'chopereŵera; sichigwirizana ndi Chingerezi." Maganizo otere ndi oopsa, pakuti mphunzitsi akakhala nao amapatsira ana ngati chimfine. Pofuna kuŵayesa, tiyeni tichoke pang'ono m'mapiri mwathu muno, tikaone m'mene mau omweŵa amamasuliridwira m'chilankhulo china.

Chiswidishi chimalankhulidwa ndi anthu pafupifupi 10 miliyoni ku Sweden ndi m'madera ena a Finland, kumpoto kwa Ulaya. Tachisankha dala pa zifukwa ziŵiri. Choyamba, ndi mbale weniweni wa Chingerezi. Ziŵirizi n'za banja limodzi monga momwe ziliri Chicheŵa, Chisena ndi Chitumbuka. Munthu wodziŵa Chingerezi sangavutike kuzindikira kuti "hus" ndi "house", "bok" ndi "book", "fisk" ndi "fish". Chachiŵiri, palibe anganene kuti Chiswidishi n'chosauka. Ndicho chilankhulo cha bungwe la Swedish Academy, limene lidakhazikitsidwa mu 1786, ndipo ndilo limasankha wolandira mphotho ya Nobel ya zolembalemba. Tsono ngati mau a Chingerezi alephera kugwirizana ndendende ngakhale ndi a mbale wake wolemera chotere, ndiye kuti mlandu suli pa Chicheŵa.

Titenge "uncle" yemwe uja. Pa Chiswidishi bambo ndi "far", mai ndi "mor", ndipo mchimwene ndi "bror". Mchimwene wa abambo ndi "farbror". Mlongo wa amai, amene ife timati malume kapena mtsibweni, ndi "morbror". Chomwechonso "aunt" amagaŵika paŵiri: mlongo wa abambo, azakhali athu aja, ndi "faster", pamene mchemwali wa amai, amene kwathu ndi mai aang'ono kapena mai aakulu, ndi "moster". Mwana wa ku Stockholm akafunsidwa kuti amasulire "my uncle" ayenera kufunsa funso lomwe lija la mtsikana wa ku Ntchisi: wa mbali iti?

Pa agogo Aswidishi amatiposa ife ndi Angerezi omwe. Ife timangoti agogo, n'kuonjezera kuti aamuna kapena aakazi. Chingerezi chili ndi mau aŵiri. Chiswidishi chili ndi anai: "farfar" bambo wa abambo, "farmor" mai wa abambo, "morfar" bambo wa amai, "mormor" mai wa amai. Koma pa "cousin" ndife amene timasiyanitsa kwambiri. Chiswidishi chimangoti "kusin" monga Chingerezi, pamene kwa ife msuweni ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali yekha. Mwana wa abambo aang'ono ndi mbale wathu, ndipo kumutchula msuweni ndi kumukana. Apa tikuona kuti chilankhulo chilichonse chimagaŵa dziko m'njira yakeyake, monga momwe nyakwaŵa ziŵiri zingagaŵire dambo limodzi mosiyana. Malire a uyu sadutsa pamene padutsa malire a uyo.

Mapiri omwe tikukhalamoŵa akuchitira umboni. Pa Chingerezi timamva za "Dowa Hills" ndi "Ntchisi Mountain", koma kwa munthu wa kuno onseŵa ndi mapiri. Chiswidishi nachonso chili ndi liu lakuti "berg" limene limakwanira phiri lalikulu, phiri lapakati, ngakhalenso thanthwe. Mwana akalemba kuti sukulu yake ili "on the mountain", pamene ili pa kaphiri kokwera mphindi zisanu, tisadabwe.

Aneni a tsiku ndi tsiku

Maina ngosavuta kwenikweni. Pamene ana amagwa kwambiri ndi pa aneni aafupiafupi amene timaŵayesa apafupi, ndipo ndi apa tifuna kuti tikhalitsepo.

Taonani "put". Wa ku Sweden sangamasulire liu limeneli asadaone chinthu chimene chikuikidwacho. Ngati ndi botolo loima chiriri, anena "ställa". Ngati ndi buku logona pa tebulo, anena "lägga". Ngati ndi mwana wokhazikidwa pa mpando, anena "sätta". Kodi si zomwezo zimene ife timati kuimika, kugoneka ndi kukhazika? Ife tili ndi mwai, chifukwa tili nao atatu onsewo, komanso tili ndi "kuika" amene amayenda limodzi ndi "put" mtunda wautali. Komabe nayenso amasiyana naye panjira: "put on your shirt" ndi kuvala, "put out the fire" ndi kuzimitsa.

Pa "carry" zinthu zimatembenuka. Chiswidishi chimakhutira ndi liu limodzi, "bära", monga Chingerezi. Ife tili ndi kusenza mtolo pamutu, kubereka mwana kumsana, kuyangata khanda m'manja, ndi kunyamula. Mphunzitsi akalemba kuti "carry" ndi kunyamula, mwana amasoŵa chonena pofotokoza amai ake akuchokera ku chitsime, chifukwa m'maganizo mwake iwo sakunyamula, akusenza. Timamuona akutafuna pensulo, kufunafuna liu la Chingerezi limene kulibe. "Wash" ali chimodzimodzi: timasamba m'thupi, timasukusula kumaso, timachapa zovala, timatsuka mbale. Mwana amene adaloŵeza kuti "wash" ndi kuchapa amaseka akamva "wash your face". Aswidishi ali pakati: "tvätta" amakwanira thupi ndi zovala, koma mbale zili ndi mneni wake, "diska".

Palinso mneni wathu wamkulu, kumva. Timamva mau, timamva kuzizira, timamva fungo, timamva masamu, ndipo mwana wosamva si wogontha ai. Chingerezi chimagaŵa munda umenewu pakati pa "hear", "feel", "smell", "understand" ndi "obey". N'chifukwa chake m'mwezi wa Juni, mphepo ikamaomba pa zitunda za Ntchisi, mumamva mwana akuti, "Sir, I am hearing cold." Sadalote ai, watsata bwinobwino zimene tidamlembera pa bolodi, kuti "hear" ndi kumva. Chiswidishi chili ndi mneni wake wamtundu womwewu, "känna", amene amatanthauza kumva m'thupi, kumva fungo, komanso kudziŵa munthu. Kudziŵa nkhani ndi "veta", kudziŵa ntchito ndi "kunna". Pamenepa Chicheŵa ndi Chingerezi zikugwirizana, pakuti "know" ndi kudziŵa zimayenda pamodzi, ndipo amene akuvutika ndi wa ku Sweden.

Chotisangalatsa koposa ndi ichi. Mphunzitsi aliyense wa kuno adamvapo chiganizo chakuti, "Borrow me your pen." Timachidzudzula ngati matenda a ana a ku Malaŵi okha. Koma ana a ku Sweden amalakwitsa chimodzimodzi, chifukwa mneni wao "låna" amagwira mbali zonse ziŵiri, wopereka ndi wolandira, monga momwe ife timanenera kuti "ndibwereke cholembera" ndi "ndabwereka cholembera". Iwo ali ndi msampha winanso umene ife tilibe: "lära" amakwanira kuphunzira ndi kuphunzitsa, motero ena amanena kuti "he learned me English". Zolakwa za mwana si zongogwera. Zili ndi mizu m'chilankhulo chimene adayamwira, ndipo mphunzitsi wodziŵa mizuyo angathe kuzidikirira panjira zisadafike.

Tisaiŵale kaliu kakang'ono, "you". Ana ambiri amachita manyazi kunena "you" kwa mphunzitsi wamkulu, poganiza kuti akumunena "iwe". Aŵauze mphunzitsi kuti Chingerezi kale chidali ndi "thou" wa munthu mmodzi ndi "you" wa anthu ambiri kapena wa ulemu, ndipo amene adatsala ndi waulemuyo. Ku Sweden zidayenda mosiyana. Kumeneko kuli "du" ndi "ni", ofanana ndi iwe ndi inu, ndipo kale munthu wolemekezeka ankatchulidwa ndi udindo wake. Mu 1967 Bror Rexed, atangokhala mkulu wa bungwe la boma loona zachipatala, adalengeza kuti adziti "du" kwa aliyense wogwira naye ntchito, ndipo m'zaka zochepa chizoloŵezi chimenechi chidafalikira dziko lonse. Ife sitikunena kuti titengere zimenezo. Tikungoonetsa kuti ulemu uliko m'chilankhulo chilichonse, koma subisala pamalo amodzi.

Mau ofanana nkhope

Pali msampha wina umene umakola ngakhale ochenjera: mau ooneka ngati odziŵika. Mngerezi akaona "barn" m'buku la Chiswidishi aganiza za nyumba yosungiramo zokolola, liu lomwe lija limene alimi a fodya adalisandutsa balani. Koma kumeneko "barn" ndi mwana. "Kind" ndi tsaya. "Semester" si chigawo cha maphunziro koma tchuthi cha munthu wa pa ntchito. Choopsa kwambiri ndi "gift": pa Chingerezi ndi mphatso, pa Chiswidishi ndi chiphe, komanso amatanthauza munthu wokwatira kapena wokwatiwa.

Tingaseke, koma ifenso tili nao athu, ndiwo mau amene tidabwereka ku Chingerezi n'kuŵapatsa ntchito ina. Sitima idachokera ku "steamer", chombo choyendera nthunzi, koma ife timatchulanso sitima imene imayenda pa njanji. Bafa kwa ife ndi kampanda kosambiramo kuseri kwa nyumba, pamene "bath" ndi kusambako kapena chosambiramo. Esiteti kwa mwana wa ku Madisi ndi munda waukulu wa fodya. Tsiku limene adzaŵerenge za "estate" ya munthu womwalira, kutanthauza chuma chamasiye, adzafunafuna fodya amene palibe. Mau otereŵa tisamaŵadumphe poganiza kuti ana akuŵadziŵa kale.

Ndipo kubwereka si manyazi. Chingerezi nachonso chikasoŵa chimapempha kwa anzake. "Tungsten", chitsulo chija cha m'mababu akale a magetsi, ndi mau aŵiri a Chiswidishi otanthauza mwala wolemera. "Ombudsman" ndi liu la Chiswidishi. Udindo umenewu udakhazikitsidwa ku Sweden mu 1809, Chingerezi chidatenga dzinalo momwemo, ndipo lidafika kuno kwathu ndi malamulo oyendetsera dziko a 1994.

Tsono tiphunzitse bwanji?

Wina angaganize kuti tikuletsa kumasulira. Iyai. Kuyambira mu 1968, kwa zaka zambiri, ana ankaphunzira m'Chicheŵa mpaka Sitandade 4, ndipo mu 2014 Unduna wa Zamaphunziro udalengeza kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1. Koma lamulo likhale lotani, mphunzitsi wa ku mudzi amamasulirabe, chifukwa mwana sangamange nzeru yatsopano pamwamba pa mphepo. Funso ndi lakuti timasulire liti, ndiponso motani.

Pali mau amene malire ake amagwirizana bwino ndi athu. "Goat" ndi mbuzi, "salt" ndi mchere, "hoe" ndi khasu. Pa mau otere nenani Chicheŵa chake kamodzi, mupitirire. Tidaonapo wophunzira wina akutaya mphindi khumi kulira ngati mbuzi ndi kuloza nyanga pamutu pake, poopa kutchula liu la Chicheŵa pamaso pathu. Ana adasangalala, koma phunziro lidathera pomwepo.

Mau ovuta ndi aja amene malire ake sagwirizana ndi athu, ndipo ntchito yoŵazindikira ichitike madzulo pokonzekera, osati pamaso pa ana. Pa liu lililonse latsopano dzifunseni mafunso aŵiri. Kodi liu la Chingerezili likufuna mau angati a Chicheŵa? Nanga liu la Chicheŵa limene ndasankha, ndikalibweza ku Chingerezi, libala mau angati? Funso lachiŵirili ndilo ambiri amaliiŵala. "Hear" ndi kumva, inde. Koma kumva si "hear" nthaŵi zonse. Mukapeza kuti yankho la funso lililonse laposa limodzi, dziŵani kuti timizere tiŵiri tija tisalembedwe.

Liu lotere liphunzitsidwe ndi zochita. Pa "carry" bwerani ndi ndowa, nkhata, chitenje ndi chidole, ndi mulu wa mabuku. Mtsikana asenze ndowa, inu munene, "She is carrying a pail on her head." Wina abereke chidole: "She is carrying a baby on her back." Mnyamata anyamule mabuku: "He is carrying books in his hands." Mukatero funsani m'Chicheŵa, "Kodi aŵa akutani? Nanga aŵa?" Ana adzayankha okha kuti akusenza, akubereka, akunyamula, ndipo adzaona ndi maso ao kuti Chingerezi chili ndi mneni mmodzi, koma chimamthandiza ndi mau otsatira, "on her head", "on her back". Chimene mwana wapeza yekha sachedwa kuchigwira. M'kope mwake alembe ziganizo zitatuzo, osati liu lokhalokha.

Pa mau a chibale jambulani mtengo wa banja. Ndi zimene tidalangiza mnyamata uja, ndipo m'maŵa mwake adachita. Adalemba maina a Chicheŵa pansi pa munthu aliyense, kenaka adazunguza ndi choko chofiira amalume, abambo aakulu ndi abambo aang'ono, nalemba "uncle" pa mzere wozungulirawo. Adaphunzitsanso "my mother's brother" ndi "my father's younger brother" kwa amene afuna kusiyanitsa. Mtsikana uja adakonza chiganizo chake mosanyinyirika, ngakhale adafunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, Azunguwo nkhoswe amaidziŵa bwanji?"

Za buku lomasulira mau tinenepo pang'ono. Ntchito yosanja mau athu pambali pa a Chingerezi idayamba kale. Johannes Rebmann, Mjeremani wokhala kufupi ndi Mombasa, adalemba mau kuchokera pakamwa pa Salimini, munthu amene adagwidwa ukapolo kuno ku chigawo chapakati, ndipo bukulo lidasindikizidwa mu 1877. David Clement Scott adatulutsa lake la Chimang'anja mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick adalikonzanso mu 1929. Lero tili ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa bungwe la Centre for Language Studies ndi Oxford Chichewa Dictionary ya Steven Paas ya mu 2016. Mukatsekula mabuku otereŵa mudzaona kuti pa aneni ozoloŵereka sapereka tanthauzo limodzi, amapereka angapo. Wolakwa ndi woŵerenga wothamanga amene amatola loyamba n'kutseka buku. Ana a Sitandade 7 ndi 8 aphunzitseni kuŵerenga mpaka pansi, kenaka kubwerera ku chiganizo chao kukayesa tanthauzo limene likukwana.

Pochonga, cholembera chofiira chisathamange. Mukaona "small father" kapena "hearing cold", lembani m'mbali liu la Chicheŵa limene mwanayo adali nalo m'mutu. Mukaona kuti ana asanu kapena asanu ndi mmodzi alakwa mofanana, cholakwacho n'cha pa bolodi, ndipo phunzirolo libwerezedwe. Amene mudzatumizidwe cha ku Dzaleka, kumene kwakhala othaŵa kwao kuyambira mu 1994, mukhale tcheru koposa, pakuti mwana wa Chiswahili, Chirundi kapena Chifalansa amabwera ndi malire akeake, ndipo kumasulira kwanu kwa Chicheŵa mwina sikungamfikire n'komwe.

Pa ulendo ukubwerawu woyeserera kuphunzitsa, aliyense wa inu atenge kope laling'ono. Tsamba lililonse aligaŵe patatu: chiganizo cholakwika monga momwe mwana wachinenera, liu la Chicheŵa limene labala cholakwacho, ndi ziganizo ziŵiri za Chingerezi zimene mwagwiritsa ntchito pokonza. Yambani ndi aneni aŵa: "take", "get", "cut", "break" ndi "open". Pa "break" pokha muyembekezere kuthyola, kuswa, kuphwanya ndi kudula, ndipo mudzamva mwana akunena kuti "open the radio". Makopewo tidzaŵasonkhanitsa sabata yoyamba mukabwerera ku koleji, kuti tisanje mndandanda umodzi wa sukulu za Dowa ndi Ntchisi.